Mutu Umene Nachipeso Anausiya Theka

Tsiku limene ndinamuona koyamba anali akuluka tsitsi pakhonde, katundu wake akadali pabwalo. Matilesi atatsamira khoma, mapoto ali m'beseni, kumwamba kwada bii, iye ali phee pa ndowa yovundikira, mwana wa eniake atamupana m'miyendo. Anali mwana wa telala wa chipinda chakumapeto, kamtsikana kolusa kamene ngakhale amake ankalephera kukapesa. Mayi wachilendoyu anali asanatsegule n'komwe chitseko cha chipinda chake, koma mutu anali ataupeza kale.

Ndinati, "Mayi inu, lowetsani katunduyu, mvula iyo."

Sanadzutse nkhope. Chipeso chili kukamwa anangoti, "Matilesi amauma, agogo. Ine mutu sindisiya pakati."

Mvula inagwa, matilesi ananyowa, mutu unatha. Tsiku limenelo anagona pa katoni. Kutacha amayi onse a pamdadada anali ataona mizere ya mwana wa telala, yowongoka ngati aijambula ndi rula, ndipo kuyambira pamenepo pakhonde pake sipanasowe munthu. Tinamutcha Nachipeso, chifukwa chipeso sichinkachoka m'mutu mwake. Kumpopi chipeso, kumsika chipeso, kumaliro chipeso chili pansi pa mpango chikutukula nsalu ngati nyanga.

Pathu pano ndi zipinda za lendi zoyang'anizana, mpopi umodzi pakati. Makoma ake ndi opyapyala, munthu ukayetsemula woyandikana nawe amakuuza pepani. Chipinda cha Nachipeso chinagundana ndi changa, ndiye zambiri ndinazimva ndisanafunse, zina ndinafunsa. Anachokera kumudzi wakutali, kumene basi imafika ikafuna. Kuluka anaphunzirira pa udzu ali mwana, akudikira mbuzi. Mwamuna wake anapita kukafuna ntchito, mpaka lero akuifunabe. Ana aang'ono anawasiya kwa mchemwali wake. Wamkulu, mtsikana, ankangomutchula kuti Chisamba, poti ndiye woyamba kubadwa.

Za kubadwa kwa mwanayu ankakonda kuzikamba akuluka. Akuti matenda anamuyamba ali pakati pa mutu wa mayi wina. Mayiyo ataona thukuta anati, siyani, mudzamaliza mukachira. Iye anamukanikiza pamapewa n'kumuuza kuti khalani pansi, mwanayu adikira, mutu wanuwu sudikira. Anamaliza mzere womaliza akuluma mano, kenako anapita kukabereka. Amayi akamva amaseka, iye osaseka. Kwa iye sizinali zoseketsa. Mutu wa munthu unali ngati mawu amene walonjeza.

Pamdadada pathu pali mayi wina timamutcha Awailesi. Sindikufunika kufotokoza chifukwa chake. Sabata yoyamba yomwe Awailesi anakhala pansi kuti alukidwe, mutu uli m'manja mwa eni koma pakamwa pali pa ntchito.

"Nanga wamkulu wanuyo ali kuti, Nachipeso?"

"Ali kusukulu yogonera konko."

"Eee! Mwana wa woluka tsitsi kusukulu yogonera konko! Ndi wanzeru eti?"

"Amayesetsa."

"Amakhoza chiyani?"

Nachipeso anakoka tsitsi mpaka Awailesi anati mayo. Kenako anati, "Masamu."

Pofika madzulo mdadada wonse unkadziwa kuti Chisamba ndi katswiri wa masamu. Mwezi usanathe anali atasanduka wofuna unesi. Awailesi akamakalipira ana awo ankati, taonani mnzanu mwana wa Nachipeso, adzakubayani jakisoni inu muli mbuli. Nachipeso ankangomwetulira n'kuwonjezera pang'ono. Bodzalo linanenepa, linamera ndi yunifomu yomwe.

Koma ine ndinkaona zina. Loweruka lililonse Nachipeso sankaluka, ankati akukaona mwana. M'chikwama ankaika sopo, mafuta odzola, ndi buledi woduladula kale. Kope ayi, cholembera ayi. Akabwerako ankakhala pakhonde n'kumatsuka mapazi nthawi yaitali, mapazi oti ayera kale. Sukulu zinatsekera, ana a eni anabwera ndi masutikesi awo, kwa Nachipeso kunalibe anagogoda. Chikhadabo cha chala chake chaching'ono ankachisunga chachitali, pomwe zina zonse ankawenga. Ndipo chachikulu n'chakuti Loweruka lokhalo m'mutu mwake munalibe chipeso. Munthu wogona ndi chipeso, Loweruka n'kuchisiya pawindo.

Tsiku lina atabwerako ndinakakhala pambali pake, mapazi ake ali m'beseni.

"Nachipeso, ndi sukulu yanji imene imaopa chipeso?"

"Mukuti bwanji, agogo?"

"Ine ndinayenderapo mlongo wanga kumalo kumene amalanda zosongoka pageti, n'kumabowola buledi ndi chala. Sikunali kusukulu."

Anayang'ana madzi m'besenimo. Ndinkayesa andithamangitsa. Koma anangoti, "Lowani m'nyumba, kuno kuli makutu."

Nkhani yake inali iyi. Mvula itavuta kumudzi, Nachipeso anamusiyitsa Chisamba sukulu n'kumutumiza kukalera mwana kwa bambo wina wagolosale. Anali asanakule n'komwe. Tsiku lonyamuka amake anamuluka tsitsi lalitali lokongola, kuti anthu akaone kuti akuchokera kwa anthu. Bambo wa nyumbayo anayamba kumulowera kuchipinda. Mwana anauza mkazi wa bamboyo, mkaziyo anati ndiwe wabodza, ukabwerezanso ndikuthamangitsa. Zinapitirira. Tsiku lina masana akusita zovala, bamboyo anabwera kumbuyo n'kumukoka ndi tsitsi lomwelo. M'manja mwa mwana munali simbi yamoto. Anatembenuka nayo. Bamboyo diso limodzi linapita.

"Kukhoti anamva za diso," anatero Nachipeso. "Za mwana wanga anati umboni palibe. Diso ankaliona, agogo. Zinazo ankati aonera pati?"

Anamutumiza kundende ya ana. Kumudzi anthu anayamba kuloza zala, ena ankati ankafuna yekha, ena ankati ndi wamisala. Nachipeso anamanga katundu n'kubwera kuno kuti akhale pafupi ndi geti.

"Nanga chikhadabocho?"

Anachiyang'ana. "Chogawira tsitsi. Chipeso salola. Koma chilowereni mwanayo sanandilolepo kumugwira mutu. Safuna munthu kumbuyo kwake. Ine ndagwira mitu ya dziko lonse, wa mwana wanga ndimangouona."

Loweruka lotsatira ndinapita naye. Pageti ndinati ndine agogo a mwanayo, mlonda anandiyang'ana makwinya n'kuvomereza. Anabowola buledi, anatipapasa, tinalowa.

Malo ochezera ndi chipinda chachikulu cha simenti, mabenchi m'mbali, mawindo ali m'mwamba moti umaona mitambo yokha. Mumanunkha mankhwala okolopera. Atsikana ambiri mmenemo ndi akumidzi, sufunika kufunsa. Umaonera zidendene zong'aluka, manja osadziwa kukhala chabe, ndiponso mayankhidwe. Ukafunsa aliyense kuti uli bwanji, maso pansi, ndili bwino. Wina wakhala ngati mtengo wouma, ndili bwino. Wina zikope zatupa, ndili bwino. Anawaphunzitsa kwawo kuti mwana wamakhalidwe savutitsa akulu ndi zowawa zake, ndiye amazimeza mpaka mmero kudzaza. Alendo tinali ochepa, poti kwawo n'kutali. Amene alibe owayendera ankakhala kukhoma n'kumaonerera amayi a anzawo ngati kanema.

Woyang'anira anali mayi wina wonenepa, ana ankamutcha Amakiyi chifukwa cha mulu wa makiyi m'chiuno. Sanali munthu woipa. Anali munthu mmodzi pa ana ochuluka, miyendo yotupa, maso a tulo.

Chisamba anabwera moyenda chammbali n'kukhala pakona, msana kukhoma. Wowonda, mpango atamanga mpaka pa nsidze. Amakiyi akangosuntha, makiyi n'kuti ngwere, mapewa a mwanayu ankadumpha.

"Awa ndi agogo oyandikana nane," anatero amake.

"Muli bwanji, agogo."

"Ndili bwino, kaya iwe?"

"Ndili bwino."

Amake anayamba kucheza kuti mpata usakhale chete. Za telala, za mpopi wodontha, za alandilodi. Kenako anaseka n'kunena kuti, "Awailesi akuti moni kwa anesi athu. Akuti ulimbikire mayeso, udzawabaye jakisoni wosawawa."

Ankayesa nthabwala. Koma ine ndinkayang'ana mwana. Nkhope yake inatsekeka ngati chitseko. Anati zikomo, basi, ndipo sanayankhulenso mpaka belu lothetsa macheza.

Panjira ndinamuuza. "Nthabwala ya unesi ija muisiye."

"Bwanji?"

"Ikumupweteka."

"Ndikumusungira dzina, agogo. Akadzatuluka adzapeze malo oyera. Mukufuna kuno nakonso azidzamuloza zala?"

"Dzina mukusungalo si lake."

"Ndi mwana wanga," anatero, mawu ake ali ngati mwala. Ndinasiya. Nachipeso akati ayi, ngakhale mvula imadikira.

Tinapitiriza kupita. Nyengo yozizira inadza n'kupita. Chisamba anali yemweyo, pakona, mpango, ndili bwino. Chikhadabo chikathyoka amake ankachisunganso.

Ndiye linafika Loweruka lina. Titangolowa Amakiyi anatichingamira akumwetulira.

"Amayi, lero musangalala. Mwana wanu sabata ino wasintha. Wadya, wachapa zovala zake zonse, wakolopa mosatumidwa. Mpaka wagawira anzake sopo, juzi yake wapatsa kamtsikana kena kosayenderedwa. Mtima wake watsika tsopano."

Chisamba anatulukira alibe mpango. Tsitsi atalichapa, lili nyankhalala, lopotana ngati chisa. Ankamwetulira. Sanapite pakona. Anabwera pakati pa chipinda n'kuima patsogolo pa amake.

"Ama, mundiluke."

Nachipeso anayang'ana tsitsi lija, mwana n'kupitiriza.

"Mizere ing'onoing'ono ija, yoyambira pamphumi mpaka kunkhongo. Yokongola, Ama. Muikepo luso lanu lonse."

Amake anakhala pabenchi, mwana anakhala pansi pakati pa miyendo yawo. Ine anandipatsa botolo la mafuta kuti ndigwire. Anamasula mapotano ndi zala pang'onopang'ono, kenako chikhadabo chija chinagwira ntchito imene chinadikira nthawi yonseyi. Chinadula mzere woyera kuchokera pamphumi. Atsikana ena anasendera pafupi n'kutizungulira. Wina anati, eee, amayi awa ndi makina. Wina anati, iwe, usawatchinge kuwala. Amakiyi anaima chapatali, manja pachifuwa, akusangalala.

Mbali ya kumanzere inatha, yosalala, mizere ikunyezimira mafuta. Pamenepo mwana anayankhula motsitsa, akuyang'ana kutsogolo.

"Mulimbitse, Ama, zisamasuke msanga."

"Za ine zimamasuka?"

"Kuti mukadzabwera kudzanditenga musadzavutike n'kundikonza. Anthu adzangoona kuti ndinali mwana wa woluka."

Zala zinayenda pang'ono, kenako zinaima.

"Kudzakutenga liti? Nthawi yako muno ikadalipo."

"Kunyumba mudzangowauza kuti ndinadwala kusukulu. Palibe adzadziwe."

Ine botolo linandizizira m'manja. Zovala zochapa, juzi yopatsa mnzake, kumwetulira kuja. Mwanayu sanachire. Ankatsanzika.

Nachipeso anawerama mpaka pakamwa pake panafika pakhutu la mwana. Sanazungulire.

"Chisamba. Ukufuna kudzipha?"

Mutu uja unagwedera movomera m'manja mwa amake.

"Ndatopa, Ama. Ndikatseka maso amabwera. Ndikatsegula, makiyi. Sindikufunanso kudzuka."

Ndinkayesa Nachipeso alira, kapena agwa. Ayi. Anachotsa manja m'mutumo, anawapukuta pansalu yake chala chimodzichimodzi, n'kuwaika pamaondo.

"Dzuka."

"Simunamalize."

"Sindimaliza."

Mwana anatembenuka. Mbali imodzi mizere yokongola, mbali inayo tsitsi lili njoo ngati tchire. "Inu simusiya mutu pakati, Ama. Ngakhale tsiku lobadwa ine simunasiye."

"Lero ndasiya. Ine ndimaluka amoyo. Wokonza maliro ukafune wina."

"Ama, chonde."

"Uziyenda choncho ngati nkhuku yoisosola mbali imodzi. Loweruka ndidzaluka mzere umodzi. Linalo umodzi. Ndikadzafika kukhutu uko ndidzamasula kuno n'kuyambiranso. Mutu uwu sudzatha, wamva? Ndidzakhala nkhalamba yopanda mano ndikadali pamutu pakopa."

Kenako anaimirira n'kuitana mokweza, "Amayi oyang'anira, tabwerani!"

Mwana anamugwira mwendo. "Musanene! Ama, musanene, ndapota nanu!"

"Ndinena. Zobisa zatikwana." Amakiyi atafika anawauza pamaso pa onse. "Mwana wanga sanasinthe. Akufuna kufa. Juzi ija sanapereke chifukwa cha mtima wabwino, amagawa chuma chamasiye."

Apa m'pamene ndinamva mawu enieni a Chisamba koyamba. Anadzuka, maso ali psuu, n'kukuwa mpaka chipinda chonse chinalira.

"Mukundifuniranji? Muli naye kale mwana wanu! Wa masamu uja, nesi uja! Ameneyo ndiye mumanyadira, ameneyo ndiye amapatsidwa moni! Ine munandikwirira kalekale, Ama, chatsala n'kungogona pansipo. Ndikadzatuluka ndidzalowa pati? M'chipinda mwanu mukugona kale mwana wina. Ndidzavale yunifomu yake? Ndidzawerengere anthu masamu ati? Munachita nane manyazi ngati mmene anachitira onse aja!"

Nachipeso anaima ngati amumenya ndi thabwa. Ine ndikuuzani, kukuwa kumeneko kunali kowawa, koma kunali kwabwino kuposa ndili bwino yense amene ndinamva m'chipinda chimenecho.

Amakiyi anakhala pabenchi mwadzidzidzi. Anagwira makiyi aja ndi manja awiri kuti asalire. Anatuma mtsikana wamkulu kukaitana anesi a pamalopo. Kenako anati, "Timuika m'chipinda chayekha, mopanda kanthu kalikonse, kuti atetezeke."

"Yekha ayi," anatero Nachipeso. "Chitseko chotseka, iye yekha, kudikira kuti abwera ndani? N'zomwezo zinamufikitsa pano. Muikeni pamene pali anthu opuma."

Anesi atabwera anagwirizana nazo. Anati mwanayo agona pafupi ndi bedi la Amakiyi, sakhala yekha ngakhale pokasamba, ndipo aitana mayi wina amene ntchito yake ndi kukhala pansi ndi ana otere n'kumamva zimene zinawachitikira. Anamufunsa mwana mafunso modekha, iye akuyankha mokalipa, koma akuyankha.

Tili pomwepo, kukhoma kunamveka kamawu. Kanali kamtsikana kosayenderedwa kaja, katavala juzi ya Chisamba yofika m'maondo.

"Ngakhale ine ndimaganiza zomwezo."

Wina pambali pake anayang'ana pansi n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu. Amakiyi anayang'ana ana awo onse aja, amakhalidwe abwino aja, ngati akuwaona koyamba. Anesi anapita kukakhala pansi pafupi ndi kamtsikanako.

Nachipeso anakaloza ndi chikhadabo chija. "Iwe, kwanu n'kuti?"

"Kutali."

"Tonse kwathu n'kutali. Loweruka udzandipeze pabenchi pano ndi mutu wakowo. Usadzachedwe, ine sindidikira."

Belu linalira. Chisamba sanatsanzike. Anaima pakati pa anesi ndi Amakiyi, akupuma mwamphamvu, n'kuponya mawu kumsana kwa amake.

"Ndimasula zonsezi!"

"Masula," anatero amake osatembenuka. "Ndiye kuti Loweruka ntchito yachuluka."

Ine ndinacheuka pakhomo. Dzanja la mwana linali pamizere ija. Kaya ankafuna kumasula, kaya ankangoikhudza, sindinganame, sindikudziwa.

Kunja kwa geti Nachipeso sanapite patali. Anakhala pamwala m'mbali mwa msewu, basi imodzi inadutsa, ina inadutsa. Sanalire mokuwa. Misozi inkangotsika iye akuyang'ana zala zake zamafuta.

Ndinati, "Tsitsi silisunga munthu, mwana wanga."

"Ndikudziwa."

"Anesi achita mbali yawo. Koma zimene wanena zija, za mwana winayo, palibe nesi angazichotse."

"Ndamva, agogo. Sindine gonthi."

"Ndiye mutani?"

Anapukuta kumaso ndi nsalu n'kuimirira. "Mawa mudzuke msanga."

M'mawa mwake kumpopi kunali anthu ngati masiku onse, ndowa zili pamzere, ana akulira, mkazi wa telala akutsuka mbale. Nachipeso anatuluka chipeso chili m'mutu, ndowa m'manja. Awailesi atangomuona anayamba.

"Nachipeso, mwadzuka? Nanga anesi athu munawapeza bwanji dzulo? Mayeso ayandikira eti?"

Nachipeso sanaime pamzere. Anapita kutsogolo n'kutseka mpopi, ndowa ya eni ili pakati. Anavundikira ndowa yake n'kukwerapo.

"Mumve bwino, chifukwa sindibwereza. Mwana wanga sali kusukulu. Ali kundende ya ana. Masamu sawadziwa, ndinamusiyitsa sukulu ndine kuti akalere mwana wa eni. Bambo wa nyumbayo ankamugwirira. Iye anamuwotcha ndi simbi, diso linapita, ndipo ine sindidzapepesa diso limenelo mpaka kufa. Dzulo mwana wanga wandiuza kuti akufuna kudzipha. Ine ndakana. Nesi uja ndinakunamizani, kulibe, ndamuthamangitsa, m'chipinda mwanga mulibe malo a ana awiri. Chisamba akadzatuluka adzagona umo, adzatunga pampopi uno, ndipo moni mudzamupatsa iyeyo, ndi zonse zimene anaona. Amene ali ndi chala chofuna kuloza ayambe ndi ine lero, ndili pano, ndakwera pandowa kuti musavutike. Awailesi, ulutsani zimenezi mmene ndanenera, musachotsepo, musawonjezere. Ndipo Loweruka pasapezeke wobwera ndi mutu wake pakhonde panga. Ndili ndi mutu ndinausiya theka, ndipo kumeneko kuli mitu ina yambiri yopanda woigwira. Amene ali ndi zala, basi imanyamuka m'mawa. Chipeso musiye kunyumba, amalanda pageti."